Nsungwi Imene Sindinakweze

Mu mpingo mwathu ine sindinalalikirepo. Kuyimba sinditha. Ntchito yanga inali nsungwi.

Mpingo wathu umabatiza pomiza munthu yense m'madzi, mutu ndi mapazi omwe. Kwina zimenezo n'zosavuta. Kuno kumunsi kwa Chikwawa madzi ndi a Shire, ndipo Shire ali ndi eni ake, ng'ona. Ndiye kuyambira kale pamakhala munthu mmodzi wolowa m'madzi abusa asanalowe. Zaka zambiri munthuyo ndinali ine, chifukwa ndine wa mwadiya, bwato lathu losema, ndipo ndakulira kuolotsa anthu.

Malo ake anali pa thawale lina, pomwe mtsinje umapatuka pang'ono n'kukagona m'bango. Kukatsala masiku atatu ndinkapita kukakhoma zichiri m'madzi n'kuluka mpanda wa bango womanga ndi mlaza, kuzungulira ngati khola. Tsiku la ubatizo ndinkalawirira. Ndinkayamba ndawerenga matope a m'mphepete, pomwe mchira wakokedwa, pomwe mimba yatsetsereka. Kenaka ndinkalowa m'kholamo ndi nsungwi, kugwaza pansi, phazi ndi phazi, ngodya zonse. Ndikakhutira ndinkaima pakati n'kukweza nsungwi m'mwamba, osayankhula. Amayi akaona nsungwi yakwera ankayambitsa nyimbo, abusa n'kuvula nsapato. Nsungwi isanakwere palibe ankaponda m'madzi, ngakhale abusa aakulu ochokera ku tauni. Lamulo limeneli m'buku mulibe. Koma aliyense ankalidziwa.

M'mawa wotere ndimaulotabe. Nkhungu imagona pamadzi, ndipo mapiri a ku Thyolo amaoneka ngati akuyandama opanda tsinde. Namasupuni amadutsa pang'onopang'ono kunja kwa mpanda, nthawi zina kakowa ataima pamwamba pake, ulendo wa ku Nsanje. Madzi amakhala ofunda kuposa mphepo. Ukaima mpaka m'chifuwa sudziwa pomwe thupi lako lathera. Ine ndinkapemphera pamenepo, ngati kumeneko ndi kupemphera.

Achimwene anga, akulu kwa ine, anali msodzi. Miono yawo inkagwira milamba ngakhale chaka choipa. M'tchalitchi sankalowamo. Ankati Mulungu amamuona pamadzi tsiku lililonse, sangamusiye kumeneko kuti akamufune m'nyumba yotentha. Alamu anga atamwalira, maso a achimwenewo anachita ng'ala, ndipo anabwera kudzakhala kwa ine. Ankakhala pansi pa mtengo wa masawu tsiku lonse, nkhope atalozetsa kumtsinje. Chifuwa chinawagwira, chosamva mankhwala.

Tsiku lina ndikukonza nkhafi anangoti, "Mphwanga, madzi aja mumamizamo anthu, amazizira?"

"Ayi. Ndi ofunda."

"Undilembetse."

Analowa kalasi ya ubatizo. Chaka chathunthu, Loweruka lililonse, mkazi wanga ankawatsogolera ndi ndodo, iye kutsogolo iwo pambuyo, kukakhala pa benchi limodzi ndi atsikana ndi anyamata. Ankaloweza ndi makutu. Zimene abusa ankaphunzitsa, zoti kuwaza madzi pamutu si ubatizo, zoti munthu wakale ayenera kukwiriridwa yense m'madzi kuti watsopano adzuke, ankabwereza kunyumba ngati mwana wa sukulu. Zinkawakomera. Ankati zimenezo msodzi akhoza kuzimva.

Ubatizo unali woti uchitike madzi akaphwa, kutentha kukuyamba. Chinali chaka cha chisankho.

Shado, ndiye kuti munthu wofuna uphungu, anafika m'tchalitchi mwathu Sabata lina ndi galimoto ziwiri. Anakana mpando wa kutsogolo. Anagwada pa simenti, mpango atayala pansi pa maondo. Sabata lotsatira kunabwera kiyibodi, masipika awiri ndi jenereta. Abusa athu ndi munthu wofatsa, wotopa, woyenda pa njinga yopanda mabuleki. Kiyibodiyo anaisisita ngati mwana wa ng'ombe. Kuyambira pamenepo ulaliki unayamba kupendekeka. Dzina la chipani sankalitchula ayi. Ankangoti Mulungu wadzoza kale munthu wake m'dera lino, ndipo wokana wodzozedwa akukana amene anamudzoza. Ponena choncho dzanja linkagwera mbali yomwe shado wakhala.

Kenaka shado anaimirira n'kuchitira umboni. Anati analota ataima m'Shire atavala zoyera, mawu akumuuza kuti abatizidwe pakati pa anthu ake. Analira. Amayi anaimba nthungululu. Kalasi ya chaka chathunthu iye inamuthera masabata awiri.

Ine munthuyu ndinkamudziwa. Chisankho chapitacho ndinamuolotsa ndine kupita tsidya la kum'mawa, komwe mpingo wina unali ndi ubatizo. Popita anandifunsa katatu ngati kumeneko kuli ng'ona. Pobwerera tsitsi lake linali lonyowa, nsapato atazikumbatira pachifuwa, akuuza wina pa foni kuti zatheka, mavoti a tsidya lija ndi athu. Chaka chimenecho analuza. Sindinauze munthu. Ndinkati kangati munthu wamizidwa, wowerenga ndi Mulungu. Ine yanga ndi nsungwi.

Kutatsala masiku anayi, abusa anandiitanitsa. Ndinawapeza ali ndi mkulu wa kampeni ya shado, bambo wonenepa wa mafoni awiri.

"Madala, kuthawale kwanu kuja galimoto sizifika," anatero bamboyo. "Kukubwera ojambula ochokera ku Blantyre, malole a anthu. Tichitira padooko."

"Padooko pali ng'ona."

"Shire yense ali ndi ng'ona, madala."

"Iyi yaikira mazira. Pamchenga, kumunsi kwa pomwe amayi amatumbulira nsomba. Sichoka."

Anaseka, n'kuyang'ana abusa. Abusa anayang'ana pansi.

Ndinati ngati ndi padooko, andipatse amuna asanu, timange mpanda wolimba kawiri.

"Mpanda ayi," anatero bambo uja. "Ayi ndithu. Ubisa bwana. Anthu adzaone chiyani, bango?"

"Ndiye sizitheka."

Abusa anakweza mutu. "Bambo, chikhulupiriro chili kuti? Tikapempherera madziwo. Ndiponso phokoso la anthu ndi masipika, nyama iliyonse ithawa."

"Yamazira sithawa, abusa."

Bambo wa mafoni uja anandigwira phewa. "Inu mungolowa, muzungulire, mukweze kamtengo kanuko. Paja mumayamba ndi okalamba, eti? Mwambo wabwino kwambiri umenewo, tisausinthe. Bwana alowa pomaliza, madzi atazolowera."

Sukulu ndinalekeza pulayimale. Koma zimenezo ndinazimva. Wamkulu pa onse a m'kalasi anali achimwene.

Nditafika kunyumba ndinawauza zonse, pansi pa masawu paja. Anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa.

"Ndiye ine ndi nyambo? Moyo wanga wonse ndakhala ndikukola nyambo ine. Lero nyongolotsi ndine."

"Si zoseketsa, achimwene."

"N'zoseketsa." Anapukuta pakamwa. "Tamvera. Mvula ikubwerayi ine sindiiona. Ukudziwa, ndikudziwa. Ubatizo uno ukandiphonya, wina sundipeza. Koma kufa ndi chifuwa ndavomera, kufa ndi ng'ona nkhabe. Ndazizemba zaka zonsezi, zisakandidye nditavala zoyera. Iwe ukakweza, ndilowa. Ukapanda kukweza, sindilowa. Maso anga ndiwe."

Masiku atatu amenewo ndinaolotsa anthu ngati ndili m'tulo. Nthawi iliyonse ndikadutsa pamchenga paja ng'onayo ndinkaiona. Ikakhala kuti sili pamtunda, panali timaso tiwiri pamadzi, pafupi ndi bango, ngati zipatso ziwiri zoyandama. Ndinkadziuza kuti mwina abusa akunena zoona, mwina phokoso liithamangitsa. Kumiza munthu n'kanthawi kochepa. Achimwene alowe, atuluke, basi. Ndinkadziuza choncho popita. Pobwerera ndinkaona timaso tija.

Tsikulo linafika. Padooko sindinaonepo anthu ochuluka choncho. Malole anatsitsa anthu ochokera kwa Kasisi, ena kutali kwa Chapananga, ena oti Shire ankamuona koyamba chaka chimenecho. Anagawa nsalu zokhala ndi nkhope ya shado, ndipo amayi a mpingo anazimanga pamwamba pa zoyera zawo. Pa lole imodzi anakwezapo kiyibodi. Nyimbo inali ya m'tchalitchi, koma pomwe timatchula Ambuye ena ankalowetsapo udindo wa shado, ndipo sunkadziwa kuti akutamanda uti.

Ku esiteti ankaotcha nzimbe m'mawa umenewo. Phulusa lakuda linkagwa pang'onopang'ono kuchokera kumwamba kopanda mtambo, timasamba topsa topepuka, n'kumatera pa mipango yoyera, pa mapewa a abusa, pamadzi. Obatizidwa anaima pamzere, achimwene kutsogolo, atavala malaya oyera omwe mkazi wanga anawasokera. Anali aatali manja. Ankamwetulira, nkhope kumtsinje. Kumapeto kwa mzere kunali shado mu mkanjo watsopano, wina atamugwirira ambulera.

Ndinawerenga matope. Mkwasa wa mimba unalipo, wa m'mawa womwewo, wonyowa. Ndinalowa.

Madzi atafika m'chiuno phokoso lonse linapita kutali, ngati likuchokera mudzi wina. Ndinkangomva nsungwi ikugunda pansi. Mchenga, mchenga, matope, mchenga. Phulusa linkatera patsogolo panga n'kumayenda ndi madzi. Ndinakumbuka tili ana, achimwene akundiphunzitsa kusambira pamalo omwewa, dzanja lawo pansi pa mimba yanga, akuti usaope madzi, uziopa chomwe chakhala chete m'madzimo. Ndinafika m'chifuwa. Kumanzere, chakubango, namasupuni anali kuyenda onse kumunsi monga mwa masiku onse. Kachigamba kamodzi kokha kankabwera chokwera, molimbana ndi madzi.

Sindinathamange. Wothamanga ndiye imamufuna. Ndinabwerera chambuyo, nsungwi patsogolo, phazi ndi phazi, mpaka zidendene zinagunda pouma. Nsungwi ndinaigoneka pansi.

Amayi anali atakoka kale mpweya kuti ayambe nyimbo. Anaubweza.

Abusa anabwera pafupi, nsapato imodzi atavula kale. "Bambo, kwezani," ananong'ona. "Chonde. Anthu onsewa."

"Ilipo."

"Mwaiona?"

"Ilipo, abusa."

Achimwene anatembenuza mutu. "Mlamu, nyimbo sindikuimva. Wakweza?"

"Sanakweze," anatero mkazi wanga.

"Basi." Anafufuza pansi ndi ndodo n'kukhala pamchenga. Mayi wachikulire amene anali pambuyo pawo anakhalanso. Kenaka wina, kenaka wina, mpaka mzere wonse unakhala pansi. Anatsala chiimire ndi shado yekha, ndi womugwirira ambulera.

Anapempha cholankhulira. Mawu ake anatuluka m'masipika n'kukagunda tsidya lina n'kubwerera. Anati Satana sakondwa mwana wa Mulungu akamabwerera kwawo. Anati adani ake a ndale alowa mpaka m'nyumba ya Ambuye, agula anthu ena kuti atseke njira ya kumadzi. Anati iye saopa chilichonse chokwawa, pakuti amene anamutuma ndi wamkulu kuposa mtsinje. Anthu a m'malole anakuwa. Ena anayamba kundiloza.

Ine ndinatola nsungwi n'kupita pomwe anaima. Ndinamupatsira ndi manja awiri, mwaulemu.

"Bwana, yambani inu."

Cholankhulira chinali pafupi, ndiye dooko lonse linamva. Kenaka kumbuyo, kwa asodzi anzake a achimwene, wina anati, "Lowani, adzozedwa! Ikakuonani igwada!" Kuseka kunayambira kumeneko n'kufalikira mpaka m'malole. Shado anayang'ana nsungwi, anayang'ana madzi. Sanaigwire.

Bambo wa mafoni anathamangira kwa abusa, ananong'onezana. Posakhalitsa kunabwera beseni la pulasitiki lomwe amayi amatsukiramo nsomba. Mnyamata anatunga madzi mothamanga, atatambasula dzanja ngati akuba. Shado anagwada pamchenga wonyowa, mtsinje uli kumbuyo kwake kuti ulowe m'chithunzi. Abusa omwe aja, amene chaka chonse anaphunzitsa kuti kuwaza si ubatizo, anamuthira beseni pamutu katatu. Kiyibodi inalira. Mamba a nsomba awiri atatu anatsalira m'tsitsi lake, akunyezimira padzuwa.

Atatha, abusa anapita kwa achimwene ndi beseni lija.

"Agogo, tikuthireni inunso. Mulungu aona mtima."

"Takhuta, zikomo, abusa," anatero achimwene. "Koma munatiphunzitsa kuti munthu wakale akwiriridwe yense. Ine wakale wanga ndi wamkulu. M'beseni sakwanamo."

Sabata lotsatira analengeza kutsogolo kuti ndayimitsidwa, chifukwa chochititsa manyazi mpingo pamaso pa alendo ndi kulowetsa ndale m'zinthu za Mulungu. Ine. Anatinso ubatizo wa otsalawo udzachitika chisankho chikadutsa, mitima ikakhala pansi. Ena padooko analeka kukwera mwadiya wanga, ati ndine wa chipani china. Chipani chimenecho mpaka lero sindikuchidziwa.

Achimwene anayamba kulephera kufika pansi pa masawu. Tinkawanyamula. Sanandidandaulire ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo ndiye zinkandiwawa. Tsiku lina ndinatenga chikwanje ndi mlaza n'kupita kuthawale kuja. Ndinakhoma zichiri ndekha, ndinaluka bango ndekha, masiku atatu monga kale. Ndinapita kwa abusa.

"Mpanda ndamanga. Mawa m'mawa. Munthu mmodzi yekha."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Maso awo anali ofiira. "Mawa ndikatsegulira msonkhano wa bwana ndi pemphero. Galimoto ibwera kudzanditenga. Ndikatha ndiyesetsa, bambo. Ndiyesetsa ndithu."

M'mawa tinawagoneka achimwene mu mwadiya, mkazi wanga atawatsamiritsa pa miyendo yake. Ndinapalasa pang'onopang'ono. Nkhungu inali isanachoke. Ankatchula malo osawaona: apa ndi pomwe tinagwira mlamba wa mutu ngati mtondo, apa ndi pomwe bambo anataya nkhwangwa. Sanaphonye ngakhale pamodzi.

Ndinawerenga matope. Ndinalowa m'khola, ndinagwaza ngodya zonse. Munali bwino. Tinadikira. Nkhungu inakwera, mapiri anatera pansi. Dzuwa linafika pamutu. Mphepo ikatembenuka tinkamva masipika kutali, mawu a abusa akupemphera, osamveka bwino, akubwera n'kumapita. Kenaka nyimbo za chipani. Njira ya kuthawale inali yopanda munthu. Mbuzi yokha inadutsa.

"Sabwera," anatero achimwene. "Usamude. Ali ndi njala yake. Madzi ali bwanji?"

"Ali bwino."

"Ndiye ukudikira chiyani? Kweza."

"Kulibe woti aone."

"Mlamu alipo. Kweza, iwe."

Ndinalowa pakati n'kukweza nsungwi. Mkazi wanga anayambitsa nyimbo yekhayekha, ndi mawu aang'ono, ndipo bango linkayankha ndi mphepo. Nsungwi ndinaizika m'matope. Ndinabwerera kukawanyamula. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi.

"Achimwene, ine si m'busa. Ndine woyimitsidwa."

"Mawu ake ukuwadziwa?"

"Ndawamva zaka zonsezi."

"Nena. Zinazo akakambirana okha kumwambako."

Ndinanena. Dzanja langa linali pansi pa msana wawo, monga lawo linalili pansi pa mimba yanga kale lija. Ndinawatsitsa. Madzi anatseka pankhope pawo, ndipo kwa kanthawi ndinawaona m'katimo, maso oyera ali otsegula, malaya akuyandama, ndevu zikugwedezeka ngati ndere. Ankaoneka ngati mnyamata. Ndinawadzutsa. Anatsokomola nthawi yaitali, atandikoloweka manja m'khosi.

"Sunaname," anatero. "Ndi ofunda."

Anamwalira mvula isanagwe. Abusa anabwera pamaliro pa njinga yawo, analalikira mwachidule, nkhani ya ubatizo sanaikhudze. Pochoka anandigwira dzanja nthawi yaitali. Mkazi wanga ndiye anali atawauza zomwe zinachitika kuthawale kuja.

M'buku la mpingo dzina la achimwene mulibe. La shado lilimo, ndi tsiku lake. Anapambana chaka chimenecho, ndipo m'tchalitchi mwathu sanapondemonso. Ndimamva kuti tsopano amapemphera kwina, ku tauni. Kiyibodi inafa ndi fumbi, ili pakona ataifunditsa nsalu ya nkhope yake.

Patapita miyezi anandibwezera pa ntchito, popanda kulengeza. Kunalibe wina wofuna kulowa m'madzi poyamba. Ndimapitabe. Ndimakhoma zichiri, ndimawerenga matope, ndimagwaza. Ngati zimene ndinachita tsiku lija zinawerengedwa, sindikudziwa, ndipo sindinafunsepo munthu. Koma ndikafika pakati pa khola, pomwe ndinawatsitsira, ndimaima pang'ono ndisanakweze. Amayi kumtunda amaganiza kuti ndamva kanthu pansi. Amadikira, mpweya ali nawo m'chifuwa. Ine ndimakhala ndikungomva kufunda kwa madzi.